Phewa lamanja linkalipira ngongole ya dzanja lamanzere: nkhani ya mnyamata wa pa pommel horse

Mayi a mnyamatayu anandiimbira foni Lamlungu lina madzulo. Timapemphera tchalitchi chimodzi mumzinda wina wa kumpoto kwa England komwe tonse tikukhala, ndipo amadziwa kuti ntchito yanga ndi ya mafizo. "Achimwene, mwana wanu uja phewa silikumupatsa mtendere. Akamavala yunifolomu m'mawa amachita kukwinya nkhope, koma ndikamufunsa akuti palibe kanthu." Ndinawauza kuti abwere naye Lachitatu.

Kuchokera tsiku limenelo kufika pamene mwanayu anaimanso pa mpikisano panadutsa miyezi 7. Ndikulembera makamaka anzanga a mafizo ndi makochi amene mumasunga ana a gymnastics, chifukwa mwezi woyamba wonse ndinauthera pa chiwalo chomwe sichinali gwero la vuto.

Mwanayu ndi hatchi yake

Anali ndi zaka 13, ndipo masewerawa anawayamba ali ndi zaka 6. Nthawi imeneyo ankapita ku kalabu masiku 5 pa sabata, maola 18 onse pamodzi. Amuna amapikisana pa zipangizo 6, koma iye mtima wake wonse unali pa pommel horse. Kwa mwana wokulira kuno sizodabwitsa. Louis Smith anapeza mendulo pa chipangizochi ku Beijing mu 2008, ku London mu 2012 komanso ku Rio mu 2016, ndipo Max Whitlock anatenga golide ku Rio ndi ku Tokyo. Anyamata a m'makalabu amakula akuonera anthu amenewa pa YouTube mpaka kuloweza kaikidwe kawo ka manja.

Kwa amene simunachione pafupi, chipangizochi ndi thunthu lokutidwa ngati ndi chikopa, lotalika masentimita 160, m'lifupi 35, loimikidwa masentimita 115 kuchokera pansi. Pamwamba pake pali zogwirira ziwiri zokwera masentimita 12, zotalikirana masentimita 40 mpaka 45. Ine ndi mayi ake tinkangoti hatchi, ndipo panonso ndizitero.

Pafupifupi chilichonse chimene munthu amachita pa hatchi chimamangidwa pa circle. Kaya ndi Magyar travel, yoyenda utali wonse wa hatchi munthu akuzungulira, yotchedwa dzina la Zoltán Magyar wa ku Hungary amene anatenga golide mu 1976 ndi 1980, kaya ndi flair, yozungulira miyendo itatalikirana, yomwe inatchuka ndi Kurt Thomas, pansi pake pali kuzungulira komweko. Munthu amayamba atatsamira pa manja onse awiri, miyendo ili kumbuyo. Miyendoyo, yogundana ndiponso yowongoka, imayamba ulendo wozungulira. Kwa mnyamata wathuyu inkayamba kupita kumanja. Dzanja lamanja limanyamuka kuti miyendo idutse, ndipo thupi lonse limatsala pa mkono wamanzere. Miyendo ikamafika kutsogolo dzanja lamanja limabwerera pa chogwirira, munthu n'kukhala chagada kwa kamphindi, manja ali kumbuyo kwa chiuno. Makochi amati rear support. Kenako lamanzere limanyamuka, mkono wamanja n'kusenza zonse, miyendo n'kubwerera kumbuyo. Zonsezi zimatha pafupifupi m'sekondi imodzi.

Chinsinsi chake chili m'mapewa. Mapazi akapita kumanja mapewa amayenera kupendekera kumanzere, mapazi akapita kutsogolo mapewa amagwera kumbuyo. Ine ndimakumbukira mthiko m'mphika wa nsima: kunsi kukapita uku, kumwamba kumapita uko, pakati pake n'kumangozungulira pamalo amodzi. Mapewa akakana kupendekera, chiuno chimasowa malo odutsa, ndipo mwana amachipinda kuti miyendo isagunde hatchi. Gwirani mfundo imeneyi, tibwererako.

Zimene ndinapeza Lachitatu lija

Nditamufunsa pamene pakupweteka analoza ndi chala chimodzi kutsogolo kwa phewa lamanja, pa kangalande komwe mtsempha wautali wa biceps, mnofu wa kutsogolo kwa mkono, umadutsa. Nditakanikiza pamenepo anadzuma. Kenako ndinapima phewalo ndi mayeso amene a mafizo timachita. Pa Speed's test ululu unabwera pamalo omwewo. Hawkins-Kennedy inangomunyerenyetsa pang'ono. Pa empty can mphamvu inali yabwino, ndipo pa apprehension test sanasonyeze mantha alionse oti phewa liguluka. Potembenuzira mkono kunja, wamanja unali wofookerapo poyerekeza ndi wamanzere. Atakankha khoma, fupa la kuseri kwa phewa, scapula, linkatukuka pang'ono m'mphepete. Pectoralis minor, mnofu waung'ono wa pachifuwa, inali yothina mbali zonse. Khosi linalibe vuto, usiku ankagona bwino, panalibe kutupa kapena kutentha thupi, ndipo pamwamba pa fupa la humerus, la pakati pa phewa ndi chigongono, pomwe pali malo okulira fupalo, sipankapweteka.

Ndinafunsa za kakulidwe. Mayi ake anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha felemu ya chitseko cha kukhitchini, pomwe amalembapo ndi pensulo msinkhu wa ana awo. Mizere iwiri yomaliza inatalikirana masentimita 6, ndipo pakati pake panali theka la chaka chabe. Anali mkati mwenimweni mwa kukula kothamanga kuja kumene anyamata ambiri amakumana nako ali ndi zaka 13 kapena 14.

Ndinaona kuti nkhani yake ndi yosavuta: mtsempha wa biceps watopa ndi katundu, minofu ya rotator cuff, yozungulira mfundo ya phewa, ndi yogwira scapula yatsalira m'mbuyo pamene mafupa athamanga. Ndinamuletsa hatchi ndi ma ring, mphete ziwiri zopachika zimene amalendewerapo, kwa masabata awiri, ndinamupatsa mafizo a malamba a lasitiki, kukankha khoma ndi kutambasula chifuwa. Anachita zonse mokhulupirika. Pofika sabata yachitatu ululu unali utatheratu, mphamvu zafanana mbali zonse, ndipo ndinamulola kubwerera. Patangotha masiku 10 mayi ake anaimbanso. Phewa lija layambiranso, pamalo omwe aja.

Pamene ndinalakwitsa ndi apa, ndipo ndinena mosabisa. Ndinapima chiwalo chimene anandibweretsera, basi. Manja a mwanayu sindinawagwire n'komwe. Komanso ndinapereka chigamulo pa kuzungulira kumene ndinali ndisanakuonepo ndi maso anga. Mwana wa gymnastics amene akukula mothamanga chonchi, kaya wabwera ndi bondo, kaya ndi msana, mfundo za manja ake onse awiri, paja timavala wotchi, ziyenera kukanikizidwa tsiku loyamba lomwelo. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Usiku umene ndinapita ku kalabu

Ndinapempha kochi wake kuti ndidzaonerere, ndipo anavomera ndi mtima umodzi. Ndi bambo wachikulire amene wakhala zaka zambiri pa ntchitoyi, ndipo ana amamukonda. Ndinafika nditaweruka, n'kukhala pa benchi pafupi ndi bowa. Bowa ndi kachipangizo kozungulira, kafupi, kooneka ngati bowa weniweni, komwe ana amaphunzirirapo circle manja atayalidwa pamwamba pake.

Choyamba kundiuza kuti pali vuto anali makutu, osati maso. Mnyamata wina wamkulupo atakwera, manja ake ankamveka mofanana, phe, phe, phe, phe, ngati munthu woyenda bwino pa simenti. Atakwera wathuyu zinali zina. Lamanzere linkatera mwakachetechete, lamanja linkachita kuti pha! Circle iliyonse, pha! Ngati munthu wotsimphina. Atatsika ndinapita kukayang'ana pa bowa paja. Choko chimene anadzola pa dzanja lamanja chinasiya chidindo chodzaza, chokhululuka ngati dzanjalo laterereka potera. Chamanzere chinali chofooka, ndipo zala zinaloza kunja kwambiri kuposa za dzanja linalo.

Ndinamujambula ndi foni pa slow motion, zithunzi 240 pa sekondi, kuchokera kutsogolo ndiponso kumbali, ndipo ine ndi kochi tinaonera limodzi pang'onopang'ono. Miyendo ikamapita kumanja, phewa lamanzere silinkapendekera kunja kwa dzanja monga liyenera. Linkangoima pamwamba pake, mwina n'kutsalira mkati. Mwanayu ankauthawa mkono wamanzere, ankafuna kuchokapo msanga. Popeza mapewa sanapereke malo, chiuno chinkapindika n'kutsika. Chiuno chikatsika, dzanja lamanja linkachedwa kupeza podutsa, ndipo linkatera mapazi atadutsa kale kutsogolo. Potera pamenepo chigongono chinali chopindika pang'ono, phewa litakwera mpaka kukhutu, mutu wa humerus utasuzumira kutsogolo. Ndipo nthawi yomweyo lamanzere linkanyamuka, thupi lonse n'kugwera pa phewa lomwe silinakonzeke. Mu rear support mkono umakhala kale kumbuyo kwa thupi, pomwe mtsempha wa biceps ndi zonse za kutsogolo kwa phewa zimakhala zokokeka. Kuwonjezerapo kugwa kotereku kangapo konse patsiku, mtsemphawo ukanapirira bwanji?

Kochi anagwedeza mutu. Anati kupinda chiunoko anakuona miyezi iwiri yapitayo, ndipo ankaganiza kuti ndi miyendo yomwe yatalika mwadzidzidzi pamodzi ndi pamimba pofooka. Mankhwala ake anali kuwonjezera chiwerengero. Titawerengera limodzi tinapeza kuti masiku ena mwanayu ankapitirira ma circle 200. Nyengo yomweyo anali atamuyambitsa ma loop, ma circle a kumapeto kwa hatchi, komwe manja amayalidwa pa chikopa popanda chogwirira. Sindikumuimba mlandu bamboyu. Kaganizidwe kake kanali komveka, ndipo ana ambiri opinda chiuno amachiradi mwa njira imeneyo. Kungoti funso limene tonse awiri tinali tisanadzifunse linali lakuti: mwana amene kale ankatsamira bwino kumanzere, wasiyiranji?

Ndinamuitana pa benchi, anzake ali kutali. Ndinatenga dzanja lake lamanzere n'kukanikiza ndi chala chachikulu kumapeto kwa radius, fupa la mkono lotsikira ku chala chachikulu, mbali ya kuseri. Analilanda msangamsanga, misozi ili lengelenge.

"Layamba liti?"

Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana pansi. "Ankolo, chonde musawauze amayi."

Linali litatha miyezi inayi likupweteka. Mnzake wina anakhalapo nthawi yaitali osasewera chifukwa cha dzanja, ndipo iye anaona kuti akangoulula, mpikisano umene ankaukonzekera wapita. Ananenanso china chimene chinandikhudza kwambiri: amayi ake amagwira ntchito usiku, amatenga mashifiti owonjezera kuti alipire kalabu, ndiye angawauze bwanji kuti ndalama zonsezo akhala nazo pa benchi? Phewa analiulula chifukwa chakuti silinkabisika povala malaya. Dzanja ankatha kulibisa. Ndinamuuza kuti nkhaniyi sindingawabisire amayi ake, koma tikawauza tili limodzi, ndipo ndiyamba kulankhula ndine. Tinatero usiku womwewo m'galimoto yawo.

Gymnast wrist

Dokotala wa mafupa anajambula X-ray ya manja onse awiri kuti afananize. Kumanzere, mzere wa malo okulira kumapeto kwa radius unali wotakasuka, m'mphepete mwake mosasalala. Kumanja kunali bwino. Vutoli limadziwika kuti gymnast wrist.

Kwa anzanga amene simunakumanepo nalo: kumapeto kwa radius ya mwana kuli chicherewecherewe chimene fupalo limakulirapo, ndipo mbali yaikulu ya kutalika kwa radius imachokera pamenepo. Kwa anyamata sichitsekeka mpaka cha m'ma zaka 17 kapena 18. Munthu akatsamira dzanja, pafupifupi magawo 80 pa 100 a katunduyo amadutsa mu radius. Dzanja likayalidwa pa bowa kapena pa chikopa, mfundo imapindikira kumbuyo mpaka pafupifupi madigiri 90, ndipo pamwamba pa kupsinjikako pamabweranso kupotokola pamene thupi likuzungulira dzanja lili chiimire. Chicherewecherewe chimenechi n'chofooka kuposa mitsempha yozungulira, makamaka pa nthawi ya kukula kothamanga. Chikapitiriza kupsinjidwa chikhoza kutsekeka nthawi isanakwane. Zikatero radius imaima, fupa linzake la mkonowo, ulna, n'kumapitiriza kukula mpaka kuiposa, ndipo munthu amatsala ndi dzanja lovuta moyo wake wonse.

Tinagwirizana ndi dokotalayo kuti mwanayu asatsamire manja kwa masabata osachepera 8, ndipo masabata oyambirira avale chomangira dzanja. Mpikisano unali patsogolo ndi masabata 6. Kochi anafunsa ngati sizingatheke kumumanga tepi, kuchotsa ma loop, n'kumusiya azigwira zogwirira zokha mpaka mpikisano udutse. Funsolo linali lochokera pa chikondi, ankaona mmene mwanayo walimbikirira chaka chonse. Ndinakana. Tepi imachepetsa kupindika, koma kulemera kwa thupi kumadutsabe m'fupa lomwelo. Ndipo ngakhale dzanja likanapirira, akanapitiriza kuuthawa mkono wamanzere, phewa n'kumalipirabe. Mpikisano umabweranso, malo okulira akatsekeka satsegukanso.

Mayi ake anali ndi funso lawo. "Achimwene, ndiuzeni zoona. Asiyiretu?" Ndinawayankha kuti ayi, bola tichite zinthu mwadongosolo lake. Ndinaumiriranso kuti azipitabe ku kalabu masiku ake onse, azichita za miyendo, za pamimba ndi trampoline yosagwiritsa manja. Mwana amene wabisa ululu poopa kuchotsedwa pagulu, mukamutsekera kunyumba mwamutsimikizira kuti mantha ake anali oona.

Kulimbitsa phewa popanda manja

Masabata amenewa ndi amene ndinaphunzirapo zambiri. Mafizo anga oyamba aja sanali oipa, koma ankalimbitsa phewa mwana ataima, chigongono chili m'nthiti, akukoka lasitiki. Pa hatchi phewa siligwira ntchito chonchi. Limagwira mkono uli kumbuyo kwa thupi, litasenza munthu yense, ndipo liyenera kukhala lotsika, osati lokwinyikira kukhutu. Phewa limafunika kulimbitsidwa pamalo pomwe limagonjera. Vuto linali lakuti manja ndi oletsedwa.

Tinasamutsira zonse pa zigongono. Ankatsamira pa mikono kuyambira chigongono kutsika, manja ali omasuka, thupi lowongoka ngati thabwa: chafufumimba, cham'mbali, kenako chagada. Ya chagadayo ndiyo inali mwini nkhani, chifukwa ndi rear support yeniyeni yopanda dzanja. Tsiku loyamba anakwanitsa masekondi 15 chabe chiuno chisanayambe kutsika ndi mapewa kukwera. Mwana amene ankazungulira ka 200 patsiku! Izi zinandionetsa kuti ankadutsa pamalo amenewa mwa liwiro, osati mwa mphamvu. Tinakwera pang'onopang'ono mpaka masekondi 60, kenako tinakweza mapazi pa bokosi, kenako kunyamula mwendo umodzi.

Atalimba tinayamba kulumikiza. Mapazi pa thaulo pansi poterera, iye pa zigongono, n'kumatembenuka mwapang'onopang'ono: chafufumimba, pa chigongono chamanzere, chagada, pa chamanja, n'kubwerera. Ndi circle yomweyo koma yoyenda ngati bilimankhwe, ndipo pa chigawo chilichonse ankaima masekondi atatu. Pa chigongono chamanzere ndinkamuimitsa nthawi yotalikirapo, dala.

Pa parallel bars, mipiringidzo iwiri yoyandikana, tinakulungapo matiresi opyapyala, iye n'kutsamira mikono, miyendo ili lendee. Kuchoka pamenepo ankalola thupi kumira pakati pa mapewa, kenako n'kudzikankhira m'mwamba mpaka khosi litatalika, zigongono osasuntha. Izi zimagwiritsa ntchito minofu yotsitsa scapula, monga mbali ya m'munsi ya trapezius ndi latissimus dorsi. Serratus anterior, mnofu wa m'nthiti wogwira scapula, tinkaipeza pokankha foam roller, chogudubuza cha siponji yolimba, pakhoma ndi mikono n'kuikweza m'mwamba. Za rotator cuff sitinazitaye: atagona cham'mbali ankatembenuzira mkono kunja, atagona chafufumimba ankakweza mikono ngati Y ndi T, koma cholemera tinkachimangirira pamwamba pa mfundo ya dzanja kuti asafumbate kanthu.

Chinthu chimodzi ndinachiletsa, ndipo pano ndikudziwa kuti makochi ena sagwirizana nane. Ku kalabu ana ankakokana mikono kumbuyo, wina atakhala pansi mnzake akuikankhira m'mwamba, ati kufewetsa mapewa. Kwa mwana wouma mapewa zili ndi malo ake. Koma uyu kutsogolo kwa phewa kunali kofewa kale mokwanira, chimene chinkasowa ndi mphamvu yolamulira kufewako. Kukoka mtsempha wotopa kale n'kuthira mchere pachilonda. Tinangotsala ndi kutambasula pectoralis minor ndi kufewetsa msana wa m'mwamba.

Ululu wa phewa unatha m'sabata yachitatu, monga poyamba paja. Ulendo uno sindinautenge ngati chizindikiro chakuti tamaliza.

Kubwerera pa manja

Masabata 8 atakwana, pokanikiza pa radius pankamvekabe pang'ono, choncho tinawonjezera awiri. Pa sabata ya 10 panalibe ululu pokanikiza kapena popinda dzanja mpaka kumapeto, X-ray yachiwiri inaonetsa kuti mzere uja wayamba kubwerera m'malo mwake, ndipo dokotala wa mafupa anatilola kuyamba.

Mwachizolowezi mwana amayambira pa bowa, manja oyala, n'kukwera kupita ku zogwirira. Ife tinayenda chobwerera. Chogwirira chimasunga mfundo ya dzanja mowongokerapo, pamene dzanja loyala limaipinda mpaka kumapeto. Choncho tinayamba ndi kukankha khoma, kenako kutsamira pa timipiringidzo tapansi, ma parallette, kwa masekondi 10, 20, mpaka 60. Kenako pa zogwirira za hatchi, kungoima n'kumasamutsa thupi kumanzere ndi kumanja. Kenako ndowa: mapazi amalowa mu ndowa yopachikidwa pa chingwe kuchokera kudenga, ndipo chingwecho chimasenza miyendo pamene mwana akuzungulira mosathamanga. Bowa wa manja oyala anabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo ma loop anali omaliza.

Tinagula kakope. Circle iliyonse inkalembedwa. Tinayamba ndi 30 patsiku, masiku atatu pa sabata osatsatizana, n'kumawonjezera pang'ono sabata iliyonse. M'mawa uliwonse ankadzikanikiza yekha pa radius n'kulemba ngati pamveka kanthu. Pakamveka, tinkabwerera sitepe imodzi.

Ndinkayembekeza kuti dzanja likapola circle idzawongoka yokha. Sizinatero ayi. Tsiku loyamba mu ndowa, wopanda ululu uliwonse, phewa lamanzere linakanabe kupendekera. Miyezi inayi yothawa mkono inali italowa m'thupi, ndipo thupi silidziwa kuti X-ray yanena chiyani. Apa mpamene ukatswiri wa kochi uja unaonekera, ndipo ine ndinangokhala wophunzira. Anamubweza ku chigawo choyamba chokha cha circle: mapazi pansi, kuyenda kuchoka kumbuyo kufika kumanja, n'kuima pa mkono wamanzere. Kochiyo ankaika chikhatho chake masentimita angapo kunja kwa phewa la mwanayo n'kunena kuti, "Ndigunde." Mwana akapanda kugunda chikhathocho ndi phewa, sizinkawerengedwa. Anachita zimenezi masabata awiri asanamulole kuzungulira yathunthu.

Mawu olangizira anali awiri basi. Loyamba, kankhira hatchi pansi, khosi litalike. Lachiwiri, dzanja lifike mapazi asanafike kutsogolo. Zoti "wongola chiuno" anazisiyiratu, chifukwa chiuno chinkapindika posowa malo, ndipo mapewa atayamba kupereka malowo chinawongoka popanda wochiuza. Ine ndinawonjezerapo za makutu zija. Ndinamuuza mwanayo kuti azimvetsera manja ake, ndipo akangomva pha uja atsike, ngakhale atatsala ndi ma circle angati. Pha ankabwera akatopa, kawirikawiri kumapeto kwa seti. Motero tinadula maseti kukhala aafupi, 5 kapena 6 oyera m'malo mwa 20 osakanikirana.

Pa sabata ya 15 tinabwerera m'mbuyo. Sukulu zinali pa holide, ana ankakhala ku kalabu nthawi yaitali, ndipo iye anatengeka ndi anzake n'kuchita mpikisano wa amene azungulire kwambiri pa bowa. M'mawa mwake foni yanga inalira, ndipo sanali mayi ake. "Ankolo, dzulo ndinapyola muyeso. Pakumveka pang'ono ndikakanikiza." Ndinamuyamikira ndisananene china chilichonse. Pa zonse zimene tinachita miyezi imeneyi, foni imeneyo ndi imene inanditsimikizira kuti mwanayu apitiriza masewerawa bwinobwino. Tinachotsa bowa kwa sabata imodzi, n'kubwerera ku zogwirira ndi ndowa, ndipo zinazizira.

Mmene zinathera

Miyezi 7 ija itakwana analowa mpikisano wa m'chigawo. Kochi anamukonzera routine, ndondomeko ya zimene adzachite pa hatchi, yosavuta kuposa imene ankakonzekera poyamba, yopanda flair, ma loop ochepa. Ine ndinakhala ndi mayi ake m'mipando ya oonerera, iwo atafumbata chikwama pachifuwa. Sanagwe, ndipo pa hatchi kugwa kamodzi kumachotsetsa poyinti yathunthu. Mendulo sanapeze chifukwa routine yake inali yotsika pa kuvuta, koma pa ukhondo wa kachitidwe anapeza mapoyinti oposa amene anapezapo m'mbuyo monse. Vidiyo ya tsikulo nditaiika pambali pa ya usiku woyamba uja, phewa lamanzere linkaoneka litatuluka bwino kunja kwa dzanja, lamanja likutera mapazi asanafike kutsogolo, khosi lili lalitali.

Phewa silinapwetekenso. Mafizo a pa zigongono ndi a pa parallel bars anakhala mbali ya kutenthetsa thupi kwake, mphindi 10 tsiku lililonse, ndipo kochi anawapereka kwa gulu lonse la anyamata. Anayambanso kuyeza msinkhu wa ana onse mwezi ndi mwezi, ndi kukanikiza mfundo za manja awo Lolemba lililonse asanayambe. Mwa njira imeneyi anapeza mwana winanso wa zaka 12 amene dzanja linali litangoyamba kumveka, ndipo ameneyo anapuma masabata ochepa chabe.

Wathuyu ndimamuonabe kamodzi pamwezi, ndipo tagwirizana ndi mayi ake kuti zikhala choncho mpaka malo okulira atatsekeka. Ulendo wapitawu anabwera ndi kakope kake, kachitatu tsopano, pamodzi ndi chithunzi chatsopano cha felemu ya chitseko ija. Wawonjezera masentimita ena atatu m'miyezi itatu. Ndinamukanikiza manja onse awiri, panalibe kanthu, komabe ndinalembera kochi uthenga kuti mwezi uno ma circle a manja oyala atsike ndi theka.